Chaka chimene dzina langa linamwetsa zigoli

Kuseri kwa katchalitchi kathu ku Kanakantapa kunali bwalo la mpira lopendekeka. Osewera cholowera kumunsi ankathamanga mosavutika, olowera kumtunda ankatuluka lilime, ndiye theka likatha tinkasinthana mavuto. Migoli inali ya mitengo ya bulugamu, ndipo chiswe chikaidya tinkangodula ina. Mwezi wa Ogasiti mphepo inkadzutsa fumbi lofiira losakanikirana ndi phulusa la tchire lopsa, moti pobwerera kunyumba tonse tinkaoneka ngati ana a munthu mmodzi. Pabwalo limenelo ndi pamene ndinakulira m'zaka za m'ma 1990.

Mwini bwalo, ngakhale panalibe amene anamupatsa, anali ba Sakala, kalipentala wokonza mabenchi a m'tchalitchi. Anandipeza ndili ndi zaka khumi ndikumenya chimpombwa, mpira uja tinkapanga ndi mapulasitiki n'kuumanga ndi zingwe. Ndinkamenya ndi mwendo wamanja ngati ana ena onse. Iwo anandiyang'ana kwa kanthawi, kenaka anandiuza kuti timu ya akulu ilibe munthu wa mbali yakumanzere, ndipo ikadzamufuna zaka zikubwerazo, munthuyo adzakhala ine. Kuyambira tsiku limenelo mwendo wanga wamanja unaletsedwa. Ndikaiwala n'kuugwiritsa ntchito, ankanditumiza kukatunga madzi a timu yonse kudambo. Chaka choyamba ndinatunga madzi ambiri kuposa mlongo wanga. Mwendo wamanzerewo unkangokhala ngati wobwereka, mpira ndikautumiza kum'mawa unkapita kumpoto, koma ba Sakala sankapupuluma. Ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, n'kubwerera ku benchi yawo.

Chimene tonse tinkalota chinali chikho cha achinyamata. Chaka chilichonse anthu akamaliza kukolola, matchalitchi ang'onoang'ono onse a pansi pa mishoni ankakumana kubwalo la kumishoni kukalimbirana chikhocho. Lamulo linali lakuti asewere anyamata a komweko, osapitirira zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Zikalata zobadwira sizinkafunsidwa, poti ambiri tinabadwira m'nyumba. M'malo mwake kunali mwambo. Mpira usanayambe osewera ankaima pamzere, akatekisti a kumishoni n'kumadutsa, kuika dzanja pamutu pa aliyense ndi kufunsa mokweza kuti, “Mwana wa ndani uyu?” Mayi wake ankatuluka pakati pa azimayi n'kuyankha kuti, “Niwanga,” kutchula dzina ndi nyengo imene anamubala. Wopanda mayi ankamuyankhira azakhali ake. Anthu ankakhulupirira kuti bambo atha kunama pa nkhani ya mpira, koma mayi sanganame za mwana pamaso pa ansembe.

Ife ana aang'ono tinkasirira mphindi imeneyo kuposa chigoli. Azimayi ankavala zitenje zawo za pa Pasaka. Ena ankawonjezerapo zawo, monga mayi wina amene anati, “Niwanga, koma ni waulesi,” bwalo lonse n'kufa nacho chiseko. Ine ndinkafuna chinthu chimodzi chokha, kuti tsiku lina ndidzaime pamzere umenewo amayi anga andiyankhire, kenaka ndilowe m'bwalo ndikaone ngati mwendo wanga wamanzere unali woona.

Chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi zisanu, ba Sakala anandiuza kuti nthawi yakwana. Ndinathamanga kukauza amayi. Iwo anangoti ndisaiwale kuthirira repu kudimba, koma mawa lake ndinawapeza atatulutsa chitenje chawo chobiriwira m'sutikesi akuchisita ndi simbi yamakala, mpikisano ukadali kutali. Ndinapanga ngati sindinaone.

Vuto linabwera ndi amalume anga, ba Njovu, akulu awo a amayi. Iwo anachotsedwa ntchito ku Lusaka nthawi ija makampani ankagulitsidwa, ndipo anabwera kumudzi ndi zopumira zawo n'kugula ng'ombe zapagoli ndi chigayo. Bambo anga anamwalira ndili wamng'ono, choncho munda wathu unkalimidwa ndi ng'ombe za amalumewo. Mpira sanamenyepo chibadwire, koma atagulira timu majezi atsopano, nsapato ndi mpira wachikopa, anasankhidwa kukhala tcheyamani popanda wotsutsa. Chimene chinkawapweteka n'chakuti tchalitchi chathu chinali chisanatengepo chikho.

Ndinawamva akukangana ndi ba Sakala tsiku lina titamaliza kuphunzira.

“Ba kochi, ana anu aba bazapsa liti?” anafunsa amalume.

“Mbeu siikula na kuikoka, ba Njovu. Tipaseni zaka zibili.”

“Ine nili na njala lelo, imwe muniuza za mbeu. Ku Lusaka ba bola bali mbwee, bamangogona pa galaundi.”

Ndinkaganiza kuti akungocheza. Patapita sabata, amalume anatsika minibasi ndi anyamata atatu achilendo onyamula zikwama zapamsana.

Kugula osewera kunali kophweka. Chovuta chinali kuwapezera amayi. Akatekisti a kumishoni ankadziwa mabanja onse ndi mayina a ana, poti ndiwo ankakonzekeretsa makolo za ubatizo, ndiye kupeka mwana watsopano kunali kosatheka. Koma nkhope zathu sankazidziwa, chifukwa ambiri anationa komaliza tili makanda kumbuyo. Amalume anaona kuti dzina likhoza kubwerekedwa. Anasankha anyamata atatu ang'onoang'ono a mu timu, ndipo wamng'ono kwambiri ndinali ine.

Anafika kwathu masana amayi akutongola chimanga pamphasa. Kumbuyo kwawo kunali chimnyamata chachitali, chakuda bii, cha mpata m'mano.

“Amake Lazaro, uyu ni Chanda. Kuyambila lelo mpaka chikho chibwele, ni Lazaro.”

Amayi anandiyang'ana, n'kumuyang'ananso mlendoyo.

“Nanga uyu, akulu?”

“Uyu ni mwana, azasewela chaka cha mawa. Bola siithawa.”

“Manje nizimuitana ndani?”

“Muzimuitana iwe,” anatero amalume, ndipo anaseka okha. Kenaka anawonjezera kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ngati kuti mwambiwo anaupangira zimenezi.

Amayi sanavomere, sanakanenso. Anapitiriza kutongola chimanga. Kwathu kukhala chete pamaso pa mkulu wako amene amakulimira munda n'kuvomera, ndipo amalume anachoka akuliza likhweru.

Masiku amene anatsatira ndi amene mpaka lero ndimalephera kuwaika m'malo. Chanda ankagona pamphasa yanga, ine kumapeto. M'mawa uliwonse ankabisala kuseri kwa nkhokwe kumeta ndevu ndi lumo, kuti afanane ndi zaka zanga. Ntchito yomuphunzitsa kukhala ine inapatsidwa kwa ine ndemwe. Ndinkamuuza dzina la malemu bambo, dzina la aphunzitsi anga, ndi kuti ndinabadwa nthawi ya maungu. Iye ankabwereza mosamala, kenaka n'kundifunsa ngati wakhoza. Amayi akaiwala n'kuitana kuti “Lazaro”, tinkadzuka tonse awiri. Patapita masiku ndinayamba kumaima pakati panjira kudikira kuti ndione ngati akutanthauza ine.

Ndikanamuda zikanandiphwekera. Ndinayesa ndithu, koma munthuyo sanali woipa. Ankanditchula kuti mwaice, ndiko kuti mng'ono wanga m'chinenero cha kwawo. Ankawatungira amayi madzi osatumidwa, ankadya chilichonse osadandaula, ndipo madzulo ankandiphunzitsa kunamiza munthu ndi phewa mpira usanasunthe. Anandiuza kuti nayenso analeredwa ndi kochi wina ku Chawama, mu Lusaka, mpaka timu yawo itagula anthu akunja n'kumusiya panja. Ananena akuseka, ine osadziwa ngati ndimumvere chisoni kapena ndimuuze kuti atuluke pamphasa yanga.

Ndinapita kwa ba Sakala kuti mwina andimasulire. Ndinawapeza akupala thabwa, mapalo ali mbwee pansi, fungo la mtengo wamuwisi lili ponseponse.

“Ba kochi, akagoletsa uja, nagoletsa ndine?”

Anapala thabwalo nthawi yaitali. Kenaka anandiuza kuti ndizikamenyetsa mpira pakhoma la tchalitchi ndi mwendo wamanzere mpaka dzuwa litalowa. Ndinatenga mpira n'kupita kukhomako.

Tsiku la mpikisano tinakwera ngolo ya thirakitala, azimayi akuimba, fumbi likutilowa mkamwa. Amayi anavala chitenje chawo cha kudimba. Kumishoni anthu anali atadzaza mpaka m'mitengo ya mango, ogulitsa zitumbuwa ndi nzimbe ali m'mbali. Ine ndinaima pafupi ndi amayi pakati pa azimayi, malo amene mnyamata wa msinkhu wanga sankayenera kupezeka. Akatekisti, amene anali aafupi, anachita kunyomphoka kuti dzanja lifike pamutu pa Chanda.

“Mwana wa ndani uyu?”

Amalume anatsokomola.

“Niwanga,” anatero amayi, mawu ali pansi.

“Zina lake?”

“Lazaro. Wa nthawi ya maungu.”

“Akula bwino,” anatero akatekisti akumuyang'ana m'mwamba.

“Amadya maningi,” anayankha amalume, anthu n'kuseka.

Nthawi yonseyo dzanja la amayi linali paphewa panga, ndipo ankandifinya mpaka zikhadabo zinalowa. Sindinalire. Ndinali wotanganidwa kuganiza kuti ngati uyo ndi Lazaro mwana wa amayi anga, ndiye amene akufinyidwayu ndi ndani.

Chilungamo chake, Chanda ankaudziwa mpira. Masewera oyamba anamwetsa chigoli asanatuluke n'komwe thukuta. Pofika masewera achiwiri atsikana a kwathu anali atapeka nyimbo ya dzina langa, ndipo inafalikira bwalo lonse. Ndinadzipeza ndikudumpha ndi kuimba nawo, kenaka n'kukumbukira ndili m'mwamba, n'kutera ndili chete. Mpira ukalowanso ndinkadumphanso. Mtima wanga unkasangalala ndi kupweteka nthawi imodzi, ndipo sindinkadziwa kuti ndimvere uti. Pa masewera omaliza tinakumana ndi timu ya mbali ya Palabana, imene inkatichapa chaka ndi chaka. Chanda anawamwetsa ziwiri, chikho n'kukhala chathu. Azimayi a matchalitchi ena ankabwera kudzawagwira chanza amayi, kuwauza kuti anabala mwamuna weniweni. Amayi ankangoyang'ana pansi, ndipo anthu anati ndi mayi wodzichepetsa.

Chanda anakwera minibasi patapita masiku awiri. Anandigwira mutu n'kundiuza kuti dzina langa lili ndi mwayi, ndilisunge bwino. Sindinamuonenso. Chikho chinaikidwa pashelefu kuchigayo, pamene chinkayera ndi ufa, amalume n'kumachipukuta ndi mpango wawo makasitomala akuona.

Chakudza sichiimba ng'oma. Chaka chotsatira matenda anapha ng'ombe za amalume, chigayo chinayamba kufa kawirikawiri, ndipo ulendo wa ku Lusaka wokagula osewera unalephereka. Timu inabwerera m'manja mwa ba Sakala popanda msonkhano. Anzanga awiri aja amene mayina awo anabwerekedwanso anali atasiya mpira, wina anapita kukagwira ganyu kumafamu, wina anangoleka kubwera. Ndinatsala ndekha. Chimenecho chinali chaka changa chomaliza malinga ndi lamulo la zaka, ndipo mwendo wamanzere unali utayamba kundimvera. Ba Sakala, amene sankayamikira munthu, tsiku lina anagwedeza mutu nditaponya mpira kuchokera pakona, ndipo ndinayenda nazo mumtima sabata yonse.

Tsiku la mpikisano amayi anavala chitenje chobiriwira. Mayere anatigwetsera timu yomwe ija ya ku Palabana. Ndinaima pamzere jezi ikundikwana, nsapato zitapakidwa mafuta. Dzanja la akatekisti linatera pamutu panga mosavutika, ndipo asanamalize funso amayi anali atatuluka kale.

“Niwanga! Lazaro, wa nthawi ya maungu.”

Akatekisti anali akusunthira kwa mnzanga pamene mayi wina wa ku Palabana, wonenepa, wovala duku loyera, anatuluka pagulu lawo.

“Awe, ba katekisti. Lazaro timuziba, anatiliza chaka chatha. Ni wamutali, ali na mpata m'meno. Uyu bamutenga kuti?”

“Mwana amafupika?” anafunsa wina kumbuyo kwake.

Anthu anaseka, koma chiseko sichinakhalitse. A ku Palabana anayamba kukuwa kuti tagula wosewera ku Lusaka n'kumupatsa dzina la mwana wa eni ake. Wogulidwayo ankanena ine, amene Lusaka ndinangoionapo kamodzi popita kuchipatala. Ndinatembenuka kuyang'ana anthu a kwathu, amene anandiona ndikukwawa, ndikuyembekezera kuti akuwa onse pamodzi. Panalibe amene anatsegula pakamwa. Kunditeteza kunali kuulula za chaka chatha. Amalume anawerama kukonza nsapato yawo imene inalibe zingwe. Ba Sakala anayamba kulankhula, koma akatekisti anawakumbutsa kuti funso limeneli ndi la azimayi.

Ansembe anabwera kuchokera pansi pa mtengo pamene anakhala. Sanakweze mawu.

“Amai, Lazaro ni uti?”

Amalume anali atafika kumbuyo kwa amayi, ndipo ndinawamva akunong'ona kuti anene kuti ine ndine mwana wa mng'ono wa amayiwo, ndituluke pamzere, nkhani ithe, chikho chisachoke. Ine mumtima ndinkapempha kuti anene zoona, chifukwa m'mutu mwanga mwachibwana ndinkaganiza kuti akanena zoona ndisewera. Sindinaone kuti njira zonse ziwiri zinkanditulutsa m'bwalo. Amayi anaziona, ndikukhulupirira.

“Uyu ndiye ninabala,” anatero. “Wa chaka chatha ananibweletsela akulu anga na minibasi.”

Wina anaseka kamodzi n'kudzigwira pakamwa. Ansembe anakambirana ndi akatekisti pang'ono, kenaka analengeza kuti timu yathu sisewera chaka chimenecho, ndipo chikho cha chaka chatha chiwerengedwa kuti chinali cha Palabana. Mzere unabalalika. Anzanga ankavula majezi osandiyang'ana. Ine ndinangoima pomwepo, ndikudikirabe kherere, mpaka ba Sakala atandigwira mkono.

“Nivule, ba kochi?”

“Usavule,” anatero, n'kupita kukatolera mipira.

Amayi sanadikire thirakitala. Tinauyamba wapansi, iwo patsogolo, ine pambuyo nsapato zili m'manja kuti zisathe pachabe. Dzuwa linali likuswa mtengo. Kumbuyo kwathu tinkamva kherere ndi phokoso la masewera a anthu ena, ndipo linatiperekeza mtunda wautali. Titadutsa dambo loyamba amayi anaima n'kukonza chitenje.

“Wakwiya na ine?”

“Siniziba, amai.”

“Naine siniziba,” anatero, ndipo tinapitiriza ulendo.

Anthu a kwathu anawanyanyala amayi mpaka mvula itagwa. Ena ankati anachititsa manyazi tchalitchi, ena ankati akananena chaka choyamba chomwecho, ndipo nthawi zina anali anthu omwewo onena zonse ziwiri. Munda wathu chaka chimenecho tinalima ndi makasu. Chaka chotsatira ndinali nditapitirira zaka, ndipo kenaka moyo unandipatsa zina zochita.

Masiku ano anyamata amasewera ndi makadi a zithunzi, ndipo palibe amene amafunsa mayi chilichonse. Mwina zili bwino choncho, azimayi apume. Nyengo ya mpira ikatha, pashopu yanga pa Chongwe wailesi imakhala ikukangana za matimu akuluakulu, ena akuti agule osewera okhwima, ena akuti alere ana awo. Makasitomala akandifunsa maganizo anga ndimazengereza. Amalume anamwalira akunenabe kuti ndiwo okha anabweretsapo chikho ku Kanakantapa, ndipo sankanama. Ba Sakala anamwalira akunenabe kuti mwendo wanga wamanzere ukanachibweretsa mwachilungamo. Zimenezo palibe amene angazitsimikize, ngakhale ine mwini mwendo.

Chodabwitsa n'chakuti anthu anaiwala manyazi aja n'kusunga nyimbo. Nkhalamba zina zikabwera kudzagula mchere zimandiyang'anitsitsa, kenaka n'kumwetulira kuti ndine Lazaro uja ndinaliza Palabana. Amayi ali moyo sankalola, ankawakonza pomwepo, kaya ndi pamaliro kaya ndi pamsika, kuti mwana wawo sanamwetsepo chigoli. Panopa ndimangoti zikomo n'kuwapatsa mchere wawo, chifukwa nkhaniyo ndi yaitali, ndipo owakonza anatisiya.